Msewu wa Pakati pa Khonje

Anthu a m'boma lonse lija ankawatchula kuti a Chiweramire, ndipo dzinali silinali lachipongwe ayi, linali loona. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri anagwira ntchito yoyendetsa giledala, chimakina chachikasu chija chopala misewu yafumbi. Munthu wa giledala sayang'ana kutsogolo ngati dalaivala wa basi. Amaima chilili, manja ali pa zitsulo zowongolera, maso ali pa chimpeni chomwe chikudula dothi pansi pa mapazi ake. Akangodzutsa mutu kuti aone amene akumubayibitsa, chimpeni chimalowa kwambiri mbali imodzi, ndipo chigwembe chimenecho madalaivala amachitukwana chaka chathunthu. Motero khosi la bambowa linazolowera. Kutchalitchi, pamzere wa kuchipatala, ngakhale pa ukwati wa mwana wawo, ankakhala chiweramire ngati munthu wataya singano.

Mukanawafunsa kuti boma lonselo likuoneka bwanji, sakanakuuzani za mapiri kapena mitsinje. Iwo ankalidziwa ndi dothi. Kuchigwa, komwe amalima mpunga ndi thonje, kuli makande akuda, amene mvula ikagwa amamata ku chimpeni, dzuwa likawomba amang'aluka mpaka mbuzi kuthyokeramo mwendo. Anthu ake ndi olankhula mokweza, koma sulephera kuchokako ndi mtolo wa nzimbe. Kuchidikha, pakati pa bomalo, kuli katondo wofiira, dothi lomvera, losavuta kuliumba. Kumeneko n'kwa fodya, mtedza, zigayo ndi magolosale, ndiponso n'kwa anthu odziwa kulemba makalata odandaula. Kumtsinje waukulu, kwa asodzi ndi oumba njerwa, kuli mchenga womwe ukaupala Lolemba, pofika Lachisanu wabwerera mmene unaliri. Ndiye pali kumapiri, komwe dothi lasakanikirana ndi nsangalabwi zomwe zimadya chimpeni. Kumeneko kumabereka nthochi, mapeyala, mapichesi ndi mbatata ya kachewere.

Kwawo kwa a Chiweramire kunali kumapiriko, kumapeto kwenikweni, pamwamba pa chitunda pomwe akazi awo anabadwira. Msewu wa boma unkathera pa kamtsinje ka m'munsi mwa phirilo. Kuchokera pamenepo panali makilomita khumi ndi imodzi a njira yakale imene ocheka matabwa anaisiya kalekale. Galimoto yomaliza kukwera kumeneko ndi akuluakulu okha amene ankaikumbukira. Mapeyala ankapsa n'kugwa okha, nkhumba n'kudya mpaka kutopa nawo. Nthochi zinkatsika pamitu ya amayi, ulendo wa maola atatu, n'kukafika pamsika zitafewa kale, ogula n'kumazinyoza kuti mtengo utsike.

Akazi awo anakana kukakhala ku kampu ya anthu a misewu. Anayesako mwezi umodzi atangokwatirana, m'kanyumba kamalata okhaokha, mwamuna ali kutali sabata yonse, kenako anamanga katundu.

"Inu mumagona komwe chimakina chagona," anatero. "Ndiye ine ndizipsa m'chitini muno kudikira ndani? Ndikadikirira kwathu, komwe kuli kamphepo."

Moyo wawo unakhala wotero. Mwezi ukatha, a Chiweramire ankakwera lole mpaka pa kamtsinje, kuvula nsapato, kuwoloka, n'kuuyamba mtunda. Masiku awiri pakhomo, Lolemba m'mamawa kutsikanso. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anakula akuwadziwa bambo ake ndi fungo la dizilo, ndipo atakula anakakwatiwa kutauni. Awiriwa anatsala mmene anayambira, wina pamwamba, wina pansi, aliyense akuwerenga masiku.

Amuna ena akamapita kwawo amanyamula sopo ndi shuga. Awa ankanyamulanso zimenezo, koma pamwamba pake pankakhala kachitini ka dothi. Zinayamba ngati nthabwala. Tsiku lina mayiwo anafunsa kuti kodi kuchigwa n'kotani, popeza iwo kupitirira pa boma anali asanafikepo. Bambowo anayesa kufotokoza, mawu n'kuwathawa, ndipo mwezi wotsatira anabwera ndi makande m'chitini cha mkaka.

"Kuchigwa ndi uku," anatero.

Mayiwo anaseka mpaka kugwira nthiti, koma chitinicho anachiika pawindo. Zaka zitapita, pawindo ndi pashelefu ya pabalaza panali zitini zoposa makumi atatu, zondandalikidwa monga malowo akhalira, kuyambira kuchigwa kumanzere mpaka kumapiri kumanja. Alendo ankayesa ndi mbewu, ena n'kumanong'onezana kuti ndi mankhwala. Mayiwo ankazipukuta Loweruka lililonse. Ankadziwa msika wa chitini chilichonse, zomwe anthu ake amalima, ndi pomwe amuna awo anagwidwa malungo.

Panali chinthu chimodzi chomwe chinkawadya mayiwo mumtima. Boma lonse linali litawaonapo a Chiweramire ali pa giledala. Ana asukulu ankawathamangira, amayi ogulitsa tomato ankavundikira malonda awo akamva kulira kwake, ngakhale agalu a kumtsinje ankawadziwa. Munthu mmodzi yekha amene anali asanawaonepo anali mkazi wawo.

"Ndikanatsika kukakuonerani kuchidikha," ankatero, "koma kumeneko mukhala mukupalira anthu ena. Ine ndikufuna ndikuoneni mukubwera kwa ine."

"Ndidzabwera nacho mpaka pakhomo pano, mayi. Mudzandiona."

"Ndi maso angawa?"

"Ndi maso anuwo."

Analonjeza ali ndi tsitsi lakuda bii, osadziwa kuti ku ofesi ya misewu kuli dongosolo lomwe silisintha. Mvula ikangoleka, dothi likadali ndi chinyezi, giledala imayambira kuchidikha, chifukwa malole a fodya sadikira ndipo eni ake khomo la ofesi amalidziwa. Kenako kuchigwa, thonje ndi mpunga zituluke. Kenako kumtsinje, nsomba zingaole. Kumapiri n'komaliza, chifukwa peyala silinapitepo ku ofesi kukamenya tebulo. Pofika nthawi imeneyo dizilo watha, kapena tayala laphulika ndipo lina likuchokera kutali, kapena mitambo yayamba kale kusonkhana. Chaka chabwino kwambiri ankafika pa kamtsinje, n'kutembenuza chimakina pansi pa mtengo wa mkuyu. Pamenepo pokha ndi pomwe ankadzutsa mutu pang'ono, kuyang'ana chitunda chomwe chinali ndi utsi wa kwawo, mtima n'kuwawa. Kenako ankatsitsa chimpeni n'kubwerera.

Kumtundako njira yakale ija inayamba kudyedwa ndi makasu. Makilomita atatu omaliza ankadutsa pakati pa minda, ndipo mlimi aliyense chaka ndi chaka ankabako mzere umodzi, poti njira yopanda galimoto ndi munda wongogona. Mayi aja anaona kuti amuna awo adzapeza chimanga pomwe panayenera kukhala msewu. Tsiku lina bambowo akusamba m'mapazi pakhonde, anawafunsa.

"Kodi msewu wanuwo umafuna malo aakulu bwanji?"

"Masitepe asanu ndi awiri, kuchoka ngalande iyi kufika ngalande iyo," anayankha osaganizira n'komwe.

Dzinja limenelo mayiwo anayamba kubzala khonje. Ankaima m'mphepete mwa njira, kuponda kasanu ndi kawiri, kukumba uku, kukumba uko, kusendera patsogolo, n'kupondanso. Anayambira pakhomo pawo kumatsetsereka. Anakangana ndi eni minda pafupifupi onse. Wina anawazulira mbande usiku umodzi, iwo n'kubzalanso m'mawa mwake mwini munda akuona. Zinawatengera zaka zisanu ndi chimodzi kuti afike pomwe minda imathera, ndipo pofika pamenepo dzina lawo lenileni linali litaiwalika. Aliyense ankangoti a Nakhonje.

Tsono munthu amene moyo wake wonse amayang'ana pansi sangalephere kuona m'lifupi mwa njira. A Chiweramire anaona ulendo woyamba womwe kuti zalakwika. A Nakhonje anali munthu wamfupi, woyenda timasitepe tating'ono, ndipo asanu ndi awiri awowo ankangokwana asanu a mwamuna wawo. Bambowo anaima pakati pa mizere iwiriyo n'kuyeza ndi maso. Akanatha kunena tsiku lomwelo. Koma anapeza mayiwo manja ali zilonda zokhazokha za minga, nkhope ikuwala, akufunsa kuti, "Mwauona msewu wanu?" Ndiye anangoti, "Ndauona, mayi, wakongola." Chinanso, chomwe sankafuna kuchivomera ngakhale kwa iwo eni, n'chakuti anali atayamba kukayika ngati chimakinacho chidzawoloke kamtsinje kaja. Ngati sichidzabwera, kuchepa kwa njira kuli ndi vuto lanji? Bodza limenelo analisenza zaka zambiri, ndipo linkawalemera nthawi iliyonse akamakwera pakati pa khonjeyo.

Chaka china anatumidwa kukatsegula msewu wa komwe amakumba laimu, ndipo anabwerako ndi dothi loyera mbuu. A Nakhonje analandira chitinicho, koma sanachipendeketsere kuwindo monga ankachitira. Anapisamo chala, kufikisa, kununkhiza.

"Lofiira bwino ili," anatero. "Ndi la kufupi ndi kuchidikha eti?"

Bambowo anatuluka panja ngati akukaona nkhuku. Kuseri kwa khitchini anakumana ndi mlamu wawo, mng'ono wake wa a Nakhonje, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana nayo, munthu wosadziwa kuzungulira polankhula.

"Alamu, inu maso muli nawo, koma ndi a dothi basi," anatero mlamuyo. "Achemwali angawa ng'ala yawagwira, chaka chachiwiri chino. Madzi ndimawatungira ndine. Mukamabwera amaloweza pomwe pali chilichonse kuti musadziwe."

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, a Chiweramire anawachonderera akazi awo. Ku chipatala cha pa boma kumabwera madokotala a maso, anatero, ndipo anyamata a pamudzi angathe kuwanyamula pa machira mpaka pa kamtsinje.

"Machira ndi a odwala kayakaya," anayankha a Nakhonje. "Ine sindikufa. Ndipo kutsetsereka phirili ndikupapasa, ndikathyoke msana, ayi. Ndidzatsika pa msewu wanu, nditakhala pampando wa galimoto ngati munthu."

"Nanga ndikachedwa?"

"Ndiye fulumirani, abambo."

Ouma mutu anakumana okhaokha m'nyumba imeneyo. Bambowo anabwerera kuntchito. Anapempha kwa kapitawo, kapitawo anakapempha kwa bwana, bwana anati tiona. Chaka chimenecho injini inafa ali kumtsinje. Chaka chotsatira mvula inabwera msanga, iwo atangotsala pang'ono kufika pa mkuyu. Mwezi uliwonse akafika kunyumba ankaima pakhomo osalankhula, kuti aone ngati mayiwo awazindikira. Poyamba ankawazindikira ali pabwalo. Kenako mpaka afike pakhonde. Kenako ankatembenuza khutu m'malo mwa maso. M'chaka chachitatu a Chiweramire analandira kalata yoti ikatha nyengo yopala misewu imeneyo, akapume. Anaipinda n'kuiika m'thumba la ovololo, osauza munthu.

M'chaka chomwecho ku ofesi kunabwera bwana watsopano, mayi wachitsikana wovala jombo, wosakhazikika pampando. Anapeza mapu a bomalo ndi akale kuposa iye mwini, ndiye anaitanitsa munthu amene misewuyo ankaidziwa ndi thupi lake. A Chiweramire analowa atagwira chipewa kumanja, kapitawo ali pambuyo. Bwanayo ankaloza mzere, iwo n'kunena dothi lake, pomwe madzi amadula, ndi zomwe malole amanyamula kumeneko. Anayenda boma lonse ndi chala, mpaka chinafika pakona ya pepala.

"Nanga wa timadontho uwu?"

A Chiweramire anangoyang'ana pansi, monga mwa masiku onse. Kapitawo, mnzawo wakalekale wokonda kuseka za eni, ndi amene anayankha.

"Umenewo ndi msewu wa chikondi, bwana. Kumapeto kwakeko kuli akazi awo a madalawa. Zaka makumi awiri ndi kusefukira akuwauza kuti ndikubwera mawa."

Kapitawo anaseka yekha. Bwanayo anafunsa kuti kumeneko kuli midzi ingati.

"Isanu ndi umodzi, bwana. Sukulu ilipo imodzi. Chipatala kulibe."

"Amalima chiyani?"

"Chilichonse chimabereka. Koma chimaolera pomwepo."

"Ndiye chifukwa chiyani simunapiteko?"

"Timayambira kuno, bwana. Kumeneko n'komaliza."

Bwanayo anagogoda pensulo patebulo. Kenako anati, "Kamtsinjeko kakaphwa, mupite kumapiri musanapite kwa asodzi. Masiku asanu, migolo itatu ya dizilo. Asodzi adikireko chaka chino, mchenga wawo suthawa."

A Chiweramire anafuna kuthokoza. Koma anangopinda chipewa chija mpaka kuchiononga.

Anafika pa mkuyu mwezi wa mphepo, dothi litauma gwa, nthawi yomwe munthu wodziwa ntchito sakonda kupala chifukwa fumbi limachuluka kuposa msewu. Tsiku loyamba linathera pa kamtsinje. Anthu a kumtunda anatsika ndi miyala pamitu, kuyala powolokera, ndipo chakumasana giledala inaviika matayala m'madzi n'kutulukira tsidya lina. Masiku atatu otsatira analimbana ndi nsangalabwi ndi zitsa za m'nkhalango, chimpeni chikuthetheka moto. Kwawo kunali pafupi, akanatha kukagona pa bedi lawo, koma ankagona pambali pa chimakina ngati kale. Anali atanena kuti adzafika pakhomo ali pamwamba pake, ndipo sanafune kufikapo wapansi.

Tsiku lachisanu m'mawa anafika pomwe minda imayambira. Kutsogolo kwawo kunali mizere iwiri ya khonje, wamkulu kufika m'chiuno, minga ili tuu, ikukwera chitunda mokhotakhota. Kapitawo anayenda pakati pake, kutambasula manja, n'kupukusa mutu.

"Madala, apa sipokwana. Ingozulani mzere umodzi, mudutse bwinobwino. Ndi khonje chabe uyu."

"Tachokani kutsogoloko," anatero a Chiweramire.

Anazunguza chimpeni mpaka chinatsala pang'ono kugona motsata mimba ya chimakina, kupendeketsa matayala akutsogolo, n'kulowetsa giya yoyamba. Mbali iyi kunkatsala malo okwana chikhatho, mbali inayo chimodzimodzi. Minga inkakanda matayala. Pa khona iliyonse ankabwerera m'mbuyo kawiri, katatu, dzanja lili pa chitsulo ichi, lina pa icho, thukuta likulowa m'maso osalipukuta. Pa zaka zonse zija anali asanagwirepo ntchito yosamala chotere. Midzi isanu ndi umodzi yonse inali itaima m'minda kuseri kwa khonje, kukuwa ndi kuwomba m'manja, koma iwo sanamve kanthu. Fumbi lofiira linkakwera n'kuphimba anthu, nthochi ndi madenga. Iwo ankangoona nsonga ya chimpeni ndi tsinde la khonje, tsinde lina, tsinde linanso, lililonse lokumbiridwa ndi manja omwe ankawadziwa.

Dzuwa litapendeka, pansi pa chimpeni panaoneka bwalo losesedwa bwino ndi mwala wopalira mapazi womwe anauzindikira. Anaimitsa chimakina, kuzimitsa injini, n'kudzutsa mutu. Chitseko chinali chotseka. Pakhonde panalibe munthu, ngakhale mpando womwe mayiwo ankakhalira panalibe. Bambowo anatsika mogwiririra, n'kuitana, "Mayi! Mayi!" Kunayankha nkhuku zokha.

Kenako anamva mapazi akuthamanga kumbuyo. Anali mlamu wawo uja, ali wofiira kuyambira kumpango mpaka kuzala, akupuma mwawefuwefu.

"Alamu, kodi ndinu munthu kapena ndinu chitsulo? Kuyambira m'mawa tili pa khona ya kusukulu! Achemwali avala diresi lija munawagulira pa ukwati wa mwana, ndawanyamulira mpando, ndawaimika kutsogolo kwenikweni kuti mwina akuoneniko. Ine kukuwa, kugwedeza chitenje, mpaka mawu kutha. Inu kungodutsa ngati mukudutsa chitsa! Mwatisambitsa fumbi n'kumapita!"

A Chiweramire sanadikire kuti amalize. Anathamanga kutsetsereka pa msewu womwe anali atangoupala, munthu wa imvi, jombo zikulemera. Pa khona ya kusukulu anthu anawapatukira. A Nakhonje anali pampando wawo, diresi lobiriwira lija litasanduka lofiira, fumbi lili m'nsidze. Nsapato anali atavula, ndipo mapazi awo ankasisita dothi latsopanolo.

"Mayi," anatero bambowo, n'kugwada pambali pa mpando.

"Ndinadziwa kuti ndinu," anatero a Nakhonje. "Wina akanaima kuti anthu amuone. Mng'ono wangayu akukalipa, koma ine ndamuuza kuti ameneyo ndiye mwamuna wanga, akadzutsa mutu ndiye kuti si iye."

"Munandiona?"

Mayiwo sanali munthu wonama pa zinthu zazikulu.

"Ndinaona chimthunzi chikudutsa. Ndinamva nthaka ikunjenjemera, ndi fungo lanu la dizilo. Koma inuyo sindinakuoneni, abambo. Ndinayesetsa."

"Ndachedwa."

"Mwachedwa, inde."

Bambowo analira pamaso pa midzi isanu ndi umodzi, ndipo palibe anaseka, ngakhale kapitawo. A Nakhonje anapapasa mpaka kupeza mutu wawo, n'kuusasa fumbi monga amachitira ndi mwana wochokera kosewera.

"Khonje wanga mwazula angati?"

"Ngakhale mmodzi."

"Ndiye ndinayeza bwino."

Bodza lija linafikanso pakamwa, lokonzeka kale. Koma ulendo uno analimeza.

"Munachepetsa, mayi. Masitepe anu ndi aafupi. Ndinaona kalekale, koma sindinanene."

"Ndimadziwa," anatero mayiwo. "Aphunzitsi anandiuza chaka chachiwiri. Ndinati mwini wake wanena kuti wakongola, ndiye adzadziwa yekha modutsira. Tandigwirani dzanja, mundionetse chinthu chanucho."

Anakwera chitunda pang'onopang'ono, mayiwo ali chosavala nsapato, akutchula dothi lomwe akuponda. Kapitawo anawapeza panjira n'kunena kuti bwana watumiza uthenga: mawa abwera ndi galimoto kudzayendera msewu, ndipo pobwerera mpando wakutsogolo ndi wa a Nakhonje, mpaka kuchipatala. Ngati madokotala akanathabe kuchitapo kanthu pa maso ochedwa chotero, palibe ankadziwa, ndipo awiriwo sanafunsane.

Pabwalo mayiwo anachizungulira chimakina chonse ndi manja. Anagwira matayala, anagwira chimpeni chomwe chinali chikadali chofunda, n'kunena kuti akufuna kukwera. Bambowo ndi mlamu wawo anawakankhira m'mwamba, mlamuyo akudandaula kuti anthu akuluakulu akuchita zachibwana. A Nakhonje anaima pomwe amuna awo anaima zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, pachitsulo chomwe jombo zinachisalalitsa, n'kugwira zowongolera zija. Bambowo anaima kumbuyo kwawo kuti angagwe.

"Ndiye mukaima pano mumaona chiyani?"

A Chiweramire anayang'ana pansi. "Apa ndi katondo wosakanikirana ndi nsangalabwi, koma cha kumanzereku..."

"Dothi ndili nalo pawindo, abambo. Tadzutsani mutu. Mundiuze zomwe ndikanaona."

Anadzutsa. Ukaima pansi pabwalo limenelo nthochi zimatchinga, koma pamwamba pa giledala maso ankadutsa pamwamba pa masamba, ndipo fumbi linali litakhazikika. Boma lonse linali pansi pawo. Anaona chidikha ndi malata a magolosale akunyezimira, utsi wa mauvuni a njerwa, mtsinje waukulu ukupita mwaulesi, ndi kutali uko chigwa chobiriwira cha mpunga. Paliponse panali timizere tofiira, tokhotakhota, tolumikiza mudzi ndi msika, msika ndi sukulu, sukulu ndi doko la asodzi. Panalibe kamzere ngakhale kamodzi komwe sanakapale ndi manja awo, ndipo anali asanaonepo kuti tonse pamodzi timaoneka chotere. Anamva chisoni chachikulu kuti akuona okha.

"Mwangoti zii bwanji?" anafunsa a Nakhonje.

"N'kokongola, mayi. Sindimadziwa. Kuli... uko kuli mtsinje, ndiye uku..."

"Musathamange. Mwathamangira kuti zaka zonsezi? Yambirani kuchigwa, monga zitini zakhalira. Musadumphe ngakhale chimodzi."

Anayambira kuchigwa. Ankatchula malo, mayiwo n'kutchula dothi lake, iwo n'kunena mmene kukuonekera: mtundu wa minda, pomwe pali mitengo, lole yomwe ikukwawa pa msewu wa thonje. A Nakhonje anatsamira pachifuwa pawo, nkhope italoza kuchigwako, maso oyerawo ali chitsegulire. Khosi la a Chiweramire linayamba kuwawa asanafike n'kuchidikha komwe, poti silinazolowere, ndipo zitini zinali zoposa makumi atatu. Koma sanaweramenso mpaka anamaliza boma lonse.